Khanda lobadwa masiku asanakwane: tizilombo tikakana kumva mankhwala

Tiyerekeze kuti kwanu ndi ku Kasinje, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu. Mwana wanu adabadwa mimba isanakwane miyezi isanu ndi itatu, ndipo pa sikelo sadafike makilogalamu awiri. Mwakhala naye kuchipatala masiku angapo, wayamba kuyamwa bwino, ndipo akutulutsani. Patatha masiku anayi muli pakhomo, madzulo ake mukuona kuti akungogwira bere n'kulisiya. Sakulira, thupi silikutentha, koma timapazi tazizira. Agogo ake akuti wakhuta, msiyeni agone. Bambo ake akuti tione mawa, kabaza wa usiku ndi wodula.

Maola a usiku umenewo angakhale amene akulekanitsa moyo ndi imfa. Khanda lotere likhoza kukhala kuti tizilombo talowa m'magazi ake, matenda amene achipatala amawatcha sepsis. Masiku ano vutoli lakula chifukwa tizilombo tambiri toyambitsa matendawa tidasiya kumva mankhwala amene zipatala zathu zadalira kwa zaka zambiri. Jakisoni amene kale ankadzutsa mwana m'masiku awiri kapena atatu, lero nthawi zina amangopita padera. N'chifukwa chake inu makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi muyenera kudziwa mmene matendawa amayambira, mmene amaonekera, ndi zimene mungachite asanafike.

Matendawa ndi otani?

Tizilombo ta mtundu wa bakiteriya tili paliponse: pakhungu, m'matumbo, m'madzi, pa nsalu ndi m'manja mwathu. Tambiri sitivuta tikakhala pamalo pake. Vuto limayamba tikapeza mpata wolowa m'magazi, chifukwa magazi amatinyamula n'kutifikitsa ku mapapo, ku impso, ku mafupa ngakhale ku ubongo. Thupi likayamba kulimbana nato, nkhondoyo imaononganso ziwalo za mwanayo, magazi amasiya kuyenda bwino, ndipo khanda likhoza kufa m'maola owerengeka.

Achipatala amagawa matendawa pawiri. Amene amayamba m'masiku atatu oyambirira nthawi zambiri mwana amawatenga kwa mayi pobadwa, makamaka ngati nsupa idasweka maola oposa 18 mwana asanabadwe, ngati mayi ankatentha thupi pa nthawi ya matenda, kapena ngati madziwo ankanunkha. Amene amayamba pambuyo pa masiku atatu amachokera pamalo pamene mwana ali: m'manja mwa omugwira, pa zipangizo, pa nsalu, kapena pa mchombo umene wapakidwa zinthu zosayenera.

N'chifukwa chiyani obadwa masiku asanakwane?

Mwana amatchedwa wobadwa masiku asanakwane akabadwa mimba isanakwane masabata 37. Kuno kwathu ana otere ndi ambiri. Lipoti la Born Too Soon, limene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi mabungwe anzake adatulutsa mu 2012, lidaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa amoyo.

Chitetezo chimene mayi amapatsira mwana wake m'mimba chimadutsa kwambiri m'miyezi itatu yomaliza. Mwana akabadwa msanga amatuluka asanalandire gawo lake lonse. Khungu lake ndi lopyapyala, silichedwa kusupuka, ndipo matumbo ake amakhala asanakhwime moti tizilombo timatha kudutsa n'kulowa m'magazi. Alibenso mafuta okwanira omufunditsa, ndipo thupi likazizira mphamvu zolimbana ndi matenda zimatsika.

Palinso china. Mwana wotere amafunika thandizo lambiri la kuchipatala: diripi pamtsempha, kachubu kodyetsera kodzera m'mphuno, makina omuthandiza kupuma. Zonsezi zimapulumutsa moyo, koma chilichonse mwa izo chikhozanso kukhala khomo la tizilombo ngati ukhondo wapereweza. Ndipo akakhalitsa m'chipinda cha ana akhanda, chimene ambiri timati nazale, amakumana ndi tizilombo tozolowera mankhwala timene timapezeka m'zipatala padziko lonse.

Zimene ma labotale a ku Blantyre adapeza

Pofuna kudziwa kachilombo kamene kali m'magazi, achipatala amatenga magazi pang'ono, kuwaika m'botolo lapadera n'kudikira kuti tizilombo timere. Kenako amatiyesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene angatiphe. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amati Gulupu, ntchitoyi yakhala ikuchitika mosadukiza kuyambira mu 1998 mothandizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome. Ndi mayiko ochepa mu Africa amene ali ndi kaundula wa zaka zambiri chonchi.

Mankhwala oyamba amene khanda lodwala matendawa limapatsidwa ndi penicillin kapena ampicillin pamodzi ndi gentamicin. Akakanika, kapena ngati matenda afika ku ubongo, madokotala amatembenukira ku ceftriaxone. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2017 adaonetsa kuti mu 2003, mwa tizilombo 100 ta mtundu wa Klebsiella topezeka m'magazi a odwala pa Gulupu, pafupifupi 12 ndi timene sitinkamva mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pofika mu 2016 tidafika pa 90 mwa 100. Tizilombo ta E. coli tidachoka pa kamodzi kosakwana n'komwe mwa 100 n'kufika pa 30.

Kafukufuku wina wa pachipatala chomwecho adayang'ana ana okhaokha kuyambira 1998 mpaka 2017. Mwa makanda a masiku 60 kapena kucheperapo, tizilombo ta gulu la Klebsiella, E. coli ndi tinzake timene sitinkamva mankhwala onse atatu oyambirira aja tidakwera kuchoka pa 7 kufika pa 68 mwa 100. Mu 2014 ku nazale ya Chatinkha pachipatalachi kudabuka Klebsiella wosamva ceftriaxone, ndipo akatswiri atafufuza adapeza kuti ana angapo adadwala ndi mtundu umodzimodzi wa kachilomboko, kusonyeza kuti kankayenda kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake.

Musamve ngati vutoli ndi la ku Blantyre kokha. Kumeneko laonekera chifukwa amapima. Zipatala zambiri za m'maboma ndi zing'onozing'ono za kumidzi zilibe njira yomeretsera tizilombo ta m'magazi, choncho dokotala amapereka mankhwala potengera zizindikiro, n'kudikira kuti aone ngati mwana akusintha. Padziko lonse, kafukufuku wamkulu amene adatuluka mu 2022 adawerengera kuti anthu 1.27 miliyoni adamwalira mu 2019 chifukwa cha bakiteriya wosamva mankhwala, ndipo mmodzi mwa asanu alionse adali mwana wosakwana zaka zisanu.

Tizilombo timafika bwanji posamva mankhwala?

Ganizirani za munda umene mumapopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka. Mbozi zofooka zimafa, zolimba zimatsala n'kuswana, ndipo pakapita zaka munda wonse umadzaza ndi zolimbazo. Bakiteriya naye amatero, koma mofulumira kwambiri, chifukwa tizilombo tina timagawikana pawiri m'mphindi 20 zokha. Klebsiella ndi E. coli amatha kupanga michere imene imaphwanya mankhwala asanagwire ntchito, ndipo luso limeneli amatha kupatsirana okhaokha, ngakhale a mitundu yosiyana.

Nthawi iliyonse munthu akamwa maantibayotiki, tizilombo tofooka ta m'matumbo mwake timafa, tolimba n'kupeza malo. Mankhwalawo akakhala ofunikadi, palibe kuchitira mwina. Koma taganizirani mmene timagulira Bactrim kapena makapisozi a amoxicillin pamsika chifukwa cha chimfine, chimene chimayamba ndi vayirasi yosamva n'komwe mankhwala amenewa. Timagawana otsala a mnzathu, ndipo ena amasungunulira nkhuku m'madzi akumwa. Zonsezi zimalera tizilombo tolimba m'makomo mwathu.

Ofufuza amene adayendera mabanja a ku Ndirande, ku Chileka ndi ku Chikwawa mu 2019 ndi 2020 adapeza tizilombo tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone m'chimbudzi cha anthu pafupifupi anayi mwa khumi alionse, ambiri mwa iwo osadwala n'komwe. Adatipezanso m'ndowe za ziweto, m'ngalande ndi m'madzi a m'mitsinje, ndipo tinkachuluka m'nyengo ya mvula. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wamkulu wathanzi akhoza kunyamula kachilombo kotere osadziwa. Akachoka kuchimbudzi kapena kukhola osasamba m'manja ndi sopo n'kunyamula khanda, wakafikitsa pamene kangaphe.

Zimene matendawa amasiya

Kachilombo kakakhala kosamva mankhwala oyamba, masiku awiri kapena atatu amene akudutsa dokotala asanasinthe mankhwala, iko kamakhala kakuswana. Mankhwala amene amatsala, monga amikacin ndi meropenem, ndi odula, sapezeka paliponse, ndipo amaperekedwa pokhapokha mwana atagonekedwa. Gentamicin ndi amikacin akhozanso kuononga makutu ndi impso ngati mulingo sudayezedwe bwino ndi kulemera kwa mwana, n'chifukwa chake jakisoni wobayitsa kwa munthu wamba m'mudzi ndi woopsa kwa khanda.

Tizilombo tikafika pa timinofu tokuta ubongo timayambitsa matenda oumitsa khosi, ngakhale kuti mwa khanda khosi nthawi zambiri siliuma. Ana ena opulumuka amatsala osamva, akhunyu, ochedwa kukhala ndi kuyenda, kapena olumala ziwalo. Ena madzi amadzadza m'mutu moti mutu umakula mopitirira. Matendawa amayenderanso limodzi ndi vuto lotupa ndi kuola kwa matumbo, limene limagwira makamaka ana obadwa masiku asanakwane: mimba imafufuma, mwana amasanza zobiriwira, ndipo m'chimbudzi mumaoneka magazi. Nthawi zina tizilombo timakhazikika m'fupa kapena molumikizana mafupa, mwana n'kusiya kugwedeza mkono kapena mwendo umodzi.

Ana ambiri amachira bwinobwino akalandira thandizo msanga. Koma mwana amene adadwalapo matendawa musamudumphitse sikelo. Onani ngati amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ngati amatsata nkhope yanu ndi maso, ndiponso ngati mutu wake sukukula mothamanga. Mukaona chachilendo nenani msanga, chifukwa mafizo ndi thandizo lina zimagwira bwino ntchito zikayamba mwana adakali wamng'ono.

Zizindikiro zoti musagone nazo

Ambiri timadikira kuti thupi litenthe ndiye tidziwe kuti mwana wadwala. Khanda lobadwa masiku asanakwane nthawi zambiri limachita kuzizira. Thamangirani kuchipatala, kaya ndi usiku kaya mvula ikugwa, mukaona chimodzi chokha mwa izi:

Mwana wasiya kuyamwa kapena akuyamwa mofooka kusiyana ndi dzulo. Thupi lazizira kutsika madigiri 35.5 kapena latentha kufika 37.5 ndi kuposa. Akupuma mothamanga, ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, nthiti zikulowa m'kati kwambiri, akubuula popuma, kapena akumasiya kupuma kwa kanthawi. Sakugwedezeka pokhapokha mutamugwedeza, kapena walefukiratu. Akukomoka, zimene mwa khanda zingaoneke ngati kuphethira mosalekeza, kutafuna pakamwa popanda kanthu kapena kunjenjemera kwa mkono umodzi. Liwombo latukuka. Mchombo wafiira, ukutuluka mafinya kapena ukununkha. Zikhatho ndi mapazi zasanduka zachikasu. Mimba yafufuma ndipo akusanza chilichonse.

Popita, muikeni pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, mumuveke chipewa, mufunde nonse awiri. Ngati akutha kumeza, finyani mkaka wa m'mawere mumumwetse pang'onopang'ono ndi kakapu koyera. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo mukafika uzani achipatala kuti adabadwa masiku asanakwane, kumene adagonekedwapo, ndi mankhwala alionse amene walandira. Mwana amene watuluka kumene m'chipatala akhoza kufunika mankhwala ena osiyana ndi oyamba aja, choncho mawu amenewa amathandiza dokotala kusankha bwino. Musabise ngati mudamumwetsa kanthu kunyumba.

Phunziro la kuno ku Ntcheu

Kwa banja la ku Kasinje, ulendo woyamba ndi wa kuchipatala chaching'ono chapafupi, ndipo achipatala akaona kuti matenda ndi aakulu amatumiza mwana kuchipatala chachikulu cha boma ku Ntcheu. Si mabanja onse amene amakwanitsa ulendo wachiwiriwu. Pozindikira zimenezi, mu 2015 bungwe la WHO lidatulutsa ndondomeko yothandizira makanda odwala pamene kutumiza kwalephereka: jakisoni wa gentamicin pachipatala chaching'ono ndi amoxicillin womwa masiku asanu ndi awiri.

Ntcheu ndi boma limene Unduna wa Zaumoyo, bungwe la Save the Children ndi WHO adayeserapo ndondomekoyi m'dziko muno, m'zipatala 12. Alangizi a zaumoyo adagwira ntchito limodzi ndi amayi achinsinsi, amayi odalirika a m'midzi amene amatsata apakati ndi ochira kumene, njira imene idatchuka m'boma lino kudzera mwa Inkosi Kwataine pa nkhani ya uchembere wabwino. Lipoti lake, limene lidatuluka mu 2020, lidaonetsa kuti zipatala zing'onozing'ono zingathe kuthandiza makanda ambiri otere ngati apezeka msanga ndipo akutsatidwa bwino.

Koma mumvetse malire ake. Ndondomekoyi si ya khanda lochepetsetsa, losakwana kilogalamu ndi theka, kapena limene likukomoka, lalefukiratu kapena silikuyamwa n'komwe. Amenewo ndi ofunika kugonekedwa. Komanso gentamicin ndi amoxicillin ali m'gulu la mankhwala omwe aja amene Klebsiella wambiri adasiya kumva. Choncho mwana akapatsidwa thandizo n'kubwerera kunyumba, bwererani naye pa masiku onse amene mwauzidwa, ndipo akapanda kusintha kapena akaipirapo musadikire tsikulo. Achipatala akanena kuti pitani ku Ntcheu, limbikirani kuti mupite. Tizilombo ta m'chipatala tilipo ndithu, koma khanda lodwala likatsala pakhomo ndiye limakhala pangozi yaikulu koposa.

Chifuwa cha mayi ndi manja oyera

Popeza mankhwala sakudalirika ngati kale, chitetezo chachikulu ndi chakuti kachilombo kasalowe n'komwe. Njira ya kangaru, yoika khanda pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu usana ndi usiku, idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno idayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kale ankadikira kuti mwana ayambe wapezako bwino. Kafukufuku amene adachitika ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi pa Gulupu ku Blantyre, pa ana olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8, adapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kudachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ana oganiziridwa kuti ali ndi sepsis adachepanso. Zotsatirazi zidatuluka mu 2021, ndipo mu Novembala 2022 WHO idalangiza kuti kangaru aziyamba nthawi yomweyo.

Pachifuwa mwana amafundidwa, amayamwa pafupipafupi, ndipo sadutsa m'manja ambiri. Mayi akatopa kapena akapita kukasamba, bambo kapena agogo akhoza kulandira, atasamba m'manja. Mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi, muli chitetezo chochuluka chimene mwanayo adachiphonya pobadwa msanga. Mkaka wa m'mawere umachepetsanso vuto la kuola kwa matumbo lija. Musamumwetse madzi, dawale kapena mankhwala azitsamba.

Sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira musanamugwire, mukachoka kuchimbudzi, mukasintha thewera ndi mukagwira ziweto. Kunazale, aliyense akhale ndi kapu yakeyake yomwetsera mwana wake, ndipo musanyamule mwana wa mnzanu n'kubwerera kwa wanu osasamba. Pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka m'dziko la Zambia, kumene Klebsiella adavutanso ana akhanda, njira zotsika mtengo monga mankhwala opaka m'manja, kuyeretsa wodi ndi kukumbutsana za ukhondo zidachepetsa imfa. Mchombo muusiye wouma ndi woyera, osapakapo phulusa, mwaye, ndowe kapena madzi a zipatso. Ngati achipatala akupatsani chlorhexidine, ndi wa pamchombo pokha, asayandikire m'maso. Achibale obwera kudzaona mwana amuone ali pachifuwa cha mayi ake, ndipo wachifuwa, wachimfine kapena wotsekula m'mimba ayambe wadikira.

Kwa inu alangizi, amayi achinsinsi ndi a m'makomiti a zaumoyo

Ntchito yanu imayamba mwana asanabadwe. Malungo, matenda opatsirana pogonana, matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, mapasa ndi kutenga mimba msinkhu usanakwane ndi zina mwa zimene zimachititsa kuti mwana abadwe msanga. Limbikitsani amayi kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, kumwa mankhwala oteteza malungo, kugona m'neti ndi kukadikirira kuchipatala. Mayi amene nsupa yasweka, ngakhale asanamve ululu uliwonse, apite tsiku lomwelo.

Khanda laling'ono likatuluka m'chipatala, liyendereni kawirikawiri kuposa ana ena, makamaka m'sabata yoyamba. Werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu, khudzani mimba ndi mapazi, ndipo muone ndi maso anu mmene akuyamwira. Mucheze ndi agogo ndi bambo, chifukwa nthawi zambiri ndi iwo amene amagamula za ulendo wa usiku. Banja likakhulupirira kuti ndi tsempho kapena pali dzanja la munthu, musataye nthawi kutsutsana nalo: pemphani kuti mwana ayambe wapita kuchipatala, nkhani zinazo zikambidwe pambuyo. Mwambo wa chikuta umateteza mwana kwa anthu ambiri, koma sudaikidwe kuti khanda lodwala lisatuluke m'nyumba.

Mu Novembala dziko limakumbukira ana obadwa masiku asanakwane, ndipo kuyambira pa 18 mpaka 24 mwezi womwewo ndi sabata yokumbutsana za tizilombo tosamva mankhwala. Akatswiri akuyesa kuphatikiza mankhwala ena monga fosfomycin, flomoxef ndi amikacin pa kafukufuku amene adayamba mu 2023 ku South Africa ndi Kenya, koma zipatso zake zitenga nthawi kuti zifike m'chigwa cha Bwanje. Zimene zili m'manja mwanu lero ndi izi: sopo pafupi ndi mphasa ya mwana, chifuwa chofunda, mkaka wa m'mawere, kusagula maantibayotiki popanda achipatala, ndi ndalama ya kabaza yosungidwa padera pamodzi ndi nambala ya mwini njinga. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Khanda likasiya bere madzulo, ulendo ndi wa usiku womwewo.